Gwadani muyangane mkati mwa tayala

Ngati muli ndi motoka ndipo munaidropa, ndikupemphani chinthu chimodzi mukamaliza kuwerenga tsamba lino. Pindani steering mpaka kumapeto, tsikani, mugwade, mupise dzanja kuseri kwa tayala la kutsogolo, kuja kumene maso safika mukaimirira. Ku matayala a kumbuyo steering singakuthandizeni, mufunika kugona pansi ndi tochi ya pa foni. Thalauzi izada, koma sopo ni wotchipa kupambana zimene ndinalipira ine.

Ine ndinakhala miyezi isanu osagwada. M'mawa uliwonse ndinali kuyangana matayala anga ndili chiimire, monga mmene mumachitira imwe, n'kuwapondako ndi nsapato kuona ngati mphepo ilimo. Kunja anali kuoneka atsopano, mizere yonse ilipo. Mkati anali atasila mpaka mawaya, ndipo ndinazidziwa tsiku limene motoka inazungulira nane pa Kafue Road, mkazi wanga ali pambali, mwana ali kumbuyo.

Motoka yanga ni Toyota Altezza RS200 ya 2001. Imwe a mu Lusaka muidziwa, sindifunika kuilongosola maningi: ija ya speedo yooneka monga nkoloko ya pa mkono, ya malaiti a kumbuyo oonekera mkati. Toyota inapanga Altezza kuyambira 1998 mpaka 2005, ndipo RS200 ndiyo ili ndi injini ya 3S-GE ya masilinda 4, ija yokonda kukuwa ukaiponda. Mphamvu yake yonse imapita ku mawilo a kumbuyo. Ndicho chifukwa anyamata timaifera: ukaponda, matako ndiwo amakankha. Sungani mfundo imeneyi, izabweranso.

Ndinaigula kwa bakamba ena a ku Chilenje amene anali kuisunga monga dzira. Ine ndisebenza mu stores ku industrial area, malipiro si a bwana, ndiye ndinasunga zaka zitatu kuti ndifike pa mtengo wake. Sabata yoyamba ndinali kuuka usiku kusuzumira pa windo ngati ikalipo pa yadi.

Vuto linayambira pa car wash. Pa Sondo masana timakumana ndi ma guys a ma Altezza, ma Subaru ndi ma Mark X, aliyense watsegula boneti monga ali ndi chogulitsa. Nditafika ndi yanga, mmodzi anaizungulira kawiri, n'kulowetsa chibakera chonse pakati pa tayala ndi fenda.

"Boi, motoka ni yabwino, koma yaimilila monga ya ba headmaster. Apa munthu angagonepo."

Onse anaseka. Inenso ndinaseka, koma usiku umenewo tulo sitinabwere.

Pa Chiweru chotsatira ndinali pa garaji ya pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa msika. Ndinafunsa za ma coilover, ndinamva mtengo, ndinakhala chete. Mfana wa pamenepo anandiona nkhope.

"Ba boss, musavutike na vodula. Tizajuba chabe ma coil yabili pa spring iliyonse, one hour mwayenda."

Anatenga grinder, moto unathetheka, ndipo pofika 14 hours motoka inali pansi. Sindizakunamizani, inaoneka bwino. Matayala analowa mu fenda, ndipo a kumbuyo anapendekera mkati kumwamba kwake monga motoka za pa TikTok. Pa Sondo, amene anandiseka uja ndiye anayamba kujambula. Ndinamva monga ndakwatira kachiwiri.

Mahampu ndiwo anayamba kundiuza zoona. Kuchoka kwathu ku Mtendere kufika ku nchito ndinali kukwera hampu iliyonse chammbali, wilo limodzi limodzi, minibasi zikuliza huta kumbuyo, kondakitala akukuwa kuti, "Ba boss, inyamuleni pa mutu!" Pali hampu ina pafupi ndi nyumba imene motoka siinali kupita tikakhala atatu. Mkazi wanga anali kutsika ndi mwana, ine n'kuoloka ndekha exhaust ikukwecha, iwo n'kukweranso patsogolo. Azimayi ogulitsa tomato pamenepo anafika pozolowera, moni anali kumupatsira pa hampu pomwepo.

Manje apa mvetserani bwino, chifukwa ena mwayamba kale kuganiza kuti, uyu anali chitsiru, sanapite ku alignment. Ndinapita. Mwezi womwewo ndinalandira chilimba cha ku nchito, ndalama imene tinapangana kunyumba kuti izagula filiji. Ndinanyengerera mkazi wanga mpaka anavomera kuti matayala ayambe, chifukwa ni nkhani ya moyo, ndipo ndinagula anayi atsopano, 215/45R17, osati a salaula. Kuchoka apo ndinalunjika pa malo ena a alignment mu tauni. Anakweza motoka, anamangirira zida zawo ku mawilo onse anayi, mnyamata analowa pansi ndi sipanala ziwiri, anapotokola kutsogolo, mphindi 15 anati zasila. Kumbuyo sanasinthe kanthu. Pepala sanandipatse, inenso sindinadziwe kuti kuli pepala lofunsa. Steering inali yowongoka, ndinalipira, ndinachoka ndikuimba mluzu.

Zizindikiro zinalipo, koma ndinali kuzipatsa maina abwino. Motoka ikamenya ka pothole, kumbuyo kunali kudumphira pambali pang'ono, ine n'kumati ndiye sport imeneyo. Ikagunda pansi "gu!" mpaka kudziluma lilime, n'kumati yalimba monga ya mpikisano. Kumbuyo kutayamba kulira "wuuu" pa 80, ndinati ni msewu.

Mu January tinapita ku Kafue kukaona apongozi, ulendo wa makilomita 45 chabe. Pobwerera mvula inatipeza tisanafike ku Chilanga. Siinali mvula yoopsa, inali ija yongonyowetsa tara n'kusiya madzi m'mizere mmene mumaponda mathiraki. Sindinali kuthamanga, mwina 80, ndipo sindikamba izi kuti ndidziyeretse. Pa kona ina yosavuta, imene ndadutsapo kambirimbiri, ndinaponda mafuta pang'ono potuluka. Matako anachoka. Panalibe phokoso, ndinangomva monga wina wanyamula kumbuyo kwa motoka n'kukuika pambali. Ndinapinda steering kubweza, inabwerera mwamphamvu mbali inayo, ndipo tinazungulira. Ndinaona mitengo, msewu, mitengo futi. Titaima tinali mu udzu, mphuno ya motoka yaloza ku Kafue kumene tinachokera. Thiraki imene inali kumbuyo kwathu inadutsa pamalo pomwe tinali, ikuliza huta mpaka kutali.

Mwana anaseka, anaganiza ni masewera. Mkazi wanga sanakuwe, sanalire. Anatsika, anatsegula chitseko cha kumbuyo, anamasula mwana, anamubereka ndi chitenje, n'kukaima pambali pa msewu mu mvula. Ndinati, "Bamake mwana, kwelani, nizayenda pang'ono pang'ono." Sanandiyankhe. Minibasi inabwera, anakwera.

Tayala limodzi la kumbuyo linali litaphwa, rimu itamenya mwala. Ndinaika sipeya, n'kukokera kwa mfana wina womata matayala pambali pa msewu. Atangoligubuduza anaima.

"Ba boss, ili tayala simungamate. Yanganani."

Analitembenuza. Mbali ya mkati inali yosalala monga dazi, mawaya akutuluka monga waya wotsukira mapoto. Tinagwada kuyangana linzake: chimodzimodzi, mawaya chabe ndiwo anali asanatuluke. Matayala a miyezi isanu. Filiji ya mkazi wanga. Disc ya fitness inali pa windscreen, yosatha, koma disc imakamba za tsiku limene anayangana motoka, siikamba za lero.

Mlamu wanga, amene amayendetsa mathiraki a ku Nakonde, ndiye ananditengera kwa mudala wina wa ku Garden amene anasebenzapo pa motoka za rally kale. Garaji yake ilibe chikwangwani, koma pansi pake ni simenti yosalala imene amasesa yekha m'mawa. Anayangana motoka osaigwira, kenako anayangana ine.

"Nindani anajuba ma spring?"

"Mfana wina, ba mudala."

"Mfana anabwela usiku kuba motoka n'kujuba? Olo munamupelekela mweka?"

Ndinalibe yankho. Zimene anandiphunzitsa masana amenewo ndizo ndifuna kukupatsirani, chifukwa pa car wash timakamba za marimu ndi exhaust, koma za mmene wilo limaimira kulibe amene amakamba.

Wilo la motoka siliima chilili monga nsanamira. Lili ndi mapendekedwe ake, ndipo oyamba amati camber. Imani kutsogolo kwa motoka muyangane mawilo: ngati kumwamba kwake kwapendekera mkati, monga munthu wa maondo ogundana, ndiye negative camber. Pang'ono imafunika. Motoka ikamakhota, thupi lake limatsamira kunja kwa kona, ndipo kupendekera kuja kumathandiza kuti tayala la kunja ligone lonse pa msewu. Altezza ili ndi ma arm awiri, wa pamwamba wamfupi, wa pansi wautali, zimene amati double wishbone. Anazipanga dala kuti wilo likamakwera kulowa mu fenda, mutu wake uzipendekera mkati. Manje ukaidropa, wilo limakhala lolowa mu fenda nthawi zonse, olo pa msewu wowongoka. Kupendekera kuja kumene ma guys anali kujambula kunatanthauza kuti tayala la mamilimita 215 linali kunyamula motoka ndi mbali ya mkati, mbali ya kunja ikungoperekeza.

Koma mudala anati camber payokha imadya tayala pang'onopang'ono. Chimene chimapha tayala mu miyezi isanu ni toe. Yanganani mapazi anu mukaima: zala zikaloza mkati ndiye toe-in, zikaloza kunja monga bakha ndiye toe-out. Anatenga ulusi wa omanga nyumba, anaukoka mbali zonse ziwiri za motoka molingana ndi pakati pa mawilo, n'kuyamba kupima ndi rula kuchoka pa ulusi kufika pa mlomo wa rimu, kutsogolo kwake ndi kumbuyo kwake. Wilo la kumbuyo la kumanzere linali litaloza kunja ndi mamilimita 4.

Ndinati, "Ba mudala, four millimetre chabe?"

Anatenga choko n'kulemba pa simenti. Pa rimu ya mainchi 17, mamilimita 4 ni pafupifupi theka la digiri. Wilo lopotoka theka la digiri limafuna kupita kumbali pafupifupi mamita 9 pa kilomita iliyonse, koma motoka siililola, ndiye limakwekwerezeka chammbali mamita 9 amenewo. Ulendo wa ku Kabwe, makilomita 140, ndiye kuti wakoka tayala chammbali pa tara mtunda wopitirira kilomita imodzi. Phatikizani ndi camber imene yaika kulemera pa kamzere ka mkati, mwapeza mawaya anga.

Toe-out ya kumbuyo ili ndi choipa china choposa kudya tayala. Pa kona, kulemera kumapita ku wilo la kunja, ndipo ngati wilo limenelo laloza kunja, limakokera matako kunja kwa kona. Pa tara youma tayala limapirira. Pa madzi, tayala lili losalala pamene limapondera, mphamvu ya injini ikubweranso ku mawilo omwewo a kumbuyo, kulibe chogwira. "Kona yanu inali yopindila ku right," anatero mudala. Sanandifunse, anachita kundiuza, ndipo inalidi ya kumanja.

Palinso caster, ija imene imabweza steering pakati mukamaliza kukhota, monga foloko ya njinga yopendekera kumbuyo. Ikasiyana maningi kumanzere ndi kumanja, kawirikawiri pali chimene chinapindika kapena bush inafa. Sindikhalitsapo, yanga inalibe mlandu.

Za ma spring ojuba anakamba mwaukali. Shock ili ndi mtunda wake woyenda. Ukajuba spring wadya gawo la mtunda umenewo, ndipo motoka imakhala pafupi ndi karabala kamene amati bump stop. "Gu!" uja ndinali kunyadira anali motoka ikugunda pa karabala, ndipo pa nthawi imeneyo suspension kulibe, tayala limangodumpha. Spring yofupika ingathenso kuchoka pa mpando wake wilo likalendewera mu pothole. Anati bola ine anandijubira ndi grinder. Ena amaotcha spring ndi gasi mpaka igone, chitsulo n'kutaya mphamvu yake, tsiku lina n'kuthyoka. Ma shock anga onse awiri a kumbuyo anali atataya mafuta, akungokongoletsa.

Anandikumbutsa za a Satwant Singh, munthu wa kuno kwathu amene anatenga African Rally Championship ka 8. "Munaonapo motoka ya rally yokwecha pansi?" Motoka ya pa track yosalala amaitsitsa chifukwa kumeneko kulibe hampu, kulibe pothole. Ya rally ya pa fumbi amaikweza n'kuipatsa ma shock oyenda mtunda wautali, chifukwa pa msewu woipa liwiro limachokera pa tayala kukhalabe pansi. Ndiye dzifunseni, msewu wa ku Kanyama mu February ufanana ndi uti pa iwiriyi?

Ine ndinafuna kuti tithamangire ku machine tsiku lomwelo. Anakana. "Alignment ni yosilizila. Mukapima motoka ya ma bush yakufa, pa machine izaoneka green, hampu yoyamba vonse vabwelela." Anaikweza pa jeke, anagwedeza wilo lililonse atagwira pamwamba ndi pansi, kenako kumanzere ndi kumanja, n'kukankha ma arm ndi chitsulo. Tinapeza ball joint ya pansi ya kutsogolo ikusewera, tie rod end imodzi yatha, ndi bush ya kumbuyo yong'ambika, imene iyenera kuti inathandizana ndi kudropa kuja kupotoza wilo. Ball joint ya pansi musaseke nayo: ikaguluka, wilo limagona mu fenda motoka ikuyenda.

Spring yojuba siibwerera. Ndinatenga advance ku nchito n'kugula ma coilover a second hand ochokera ku Japan. Mukagula otere, yanganani ngati sakudontha mafuta, ndipo yesani kuzungulitsa ma ring ake pomwepo pa shopu musanalipire. Ena amabwera atauma ndi dzimbiri, chifukwa kumadera ozizira a ku Japan amathira mchere pa msewu kusungunula sinowo. Coilover youma ni spring yodula chabe.

Popima kutalika, mudala sayambira pansi, chifukwa mphepo ya mu tayala inganamize. Amapima kuchoka pakati pa wilo kufika pa mlomo wa fenda, pa simenti yolingana, thanki ili theka, ndipo kumanzere ndi kumanja zifunika kufanana. Pa ma coilover anga kutalika amakusintha pozungulitsa chikho cha pansi, osati pofinya spring. Pa nambala tinakangana. Ine ndinafuna 40, iye anati 20, tinagwirizana mamilimita 25 kutsika kuchoka pamene Toyota inaiika. Ma spring ojuba aja anali ataitsitsa kupitirira 60. Chinanso chimene sindikanaganiza ndekha: mabauti a ma bush anawamangitsa kulemera kwa motoka kuli pa mawilo. Ukamanga wilo likulendewera pa jeke, rabala imakhala yopotoka motoka ikatera, ndipo siikhalitsa.

Pofuna kukonzako toe ya kumbuyo ndi ulusi kuti ndiyendere, tinapeza chifukwa chake mnyamata wa mu tauni uja sanasinthe kanthu. Kumbuyo kwa Altezza camber ndi toe amazisintha ndi mabauti a cam, aja okhala ndi washa imene ukaizungulitsa imakankha arm mkati kapena kunja. Anga anali atagwirana ndi chitsulo cha mkati mwa bush. Kuwachotsa ni nchito ya theka la tsiku ndi sowo, pomwe kupotokola tie rod ya kutsogolo ni mphindi 15, ndipo mtengo pa chikwangwani ni umodzimodzi. Mwina anayesa, inakana, n'kukhala chete. Sindimuda kwenikweni, pa mzere panali motoka zisanu. Koma akanandiuza.

Kumbuyo tinaika matayala awiri a salaula oyembekezera. Apa ndipatukeko pang'ono: mukagula a salaula, werengani manambala anayi ali pambali pa tayala kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Awiri oyamba ni sabata, awiri omaliza ni chaka. 2316 ndiye kuti sabata ya 23 mu 2016, lakalamba limenelo olo mizere ikhale yakuya.

Pamwamba pa shock pali ka knob kolimbitsa kapena kufewetsa. Dzanja langa linathamangira ku hard. Mudala analichotsa, anaika pakati, n'kundiuza kuti ndiyende sabata imodzi njira yanga ya ku nchito, ma spring akhazikike, ndizisintha ma click awiri awiri. Ndinathera ku mbali ya soft, koma musawauze ma guys.

Sabata itatha ndinagula matayala awiri atsopano, ndipo tinapita pa malo ena a machine, mudala ali pambali panga monga loya. Apa ndipo ndinaphunzira kufunsa. Mphepo ya matayala iyambe yalinganizidwa. Pa kompyuta asankhe motoka yoyenera: RS200 ni SXE10, ija ya masilinda 6 ni GXE10, imene kunja anaigulitsa ndi dzina la Lexus IS200. Ayambe kumbuyo, chifukwa mawilo a kumbuyo ndiwo amanena kumene motoka yaloza, ndipo a kutsogolo amawalinganiza kutsatira amenewo, steering itamangidwa pakati. Munaonapo minibasi ikuyenda chammbali monga galu wothamanga? Ndiko kumbuyo kosalunjika kumeneko. Ndipo pepala mulitenge, lokhala ndi before ndi after.

Pepalalo lisakuopseni. Manambala ake kawirikawiri ali mu madigiri ndi maminiti, ndipo digiri imodzi ili ndi maminiti 60, osati 100. 1°30' ndiye digiri ndi theka. Green itanthauza chabe kuti nambala ili mkati mwa malire. Wilo lina lingakhale kumapeto uku, linzake kumapeto uko, onse green, motoka n'kumakokabe. Mudala anaumirira kuti kumanzere ndi kumanja ziyandikane, mpaka mnyamata wa pa machine anayamba kupuma mokweza. Yanga inathera pa camber ya pafupifupi -0°50' kutsogolo ndi -1°20' kumbuyo, toe ya kutsogolo pafupi ndi ziro, kumbuyo toe-in pang'ono mbali zonse ziwiri. Musakopere manambala awa monga homuweki. Ni a motoka yanga, pa kutalika kwake, pa njira ya ku Mtendere. Mukatsitsa maningi, mabauti a cam amafika pothera asanabweze camber, ndipo mufunika kugula ma arm osinthika, ndalama inanso.

Pobwerera ndinadandaula kuti ndikasiya steering motoka ikupita kumanzere pang'onopang'ono. Mudala anaseka. Misewu amaimanga yotsetsereka kumbali kuti madzi azichoka, ndipo ife timayenda kumanzere, ndiye kutsetsereka pang'ono si mlandu. Ikakoka mwamphamvu, yambani mwasinthanitsa matayala a kutsogolo. Kukoka kukasintha mbali, vuto ni tayala. Ndipo steering ikamanjenjemera pa 100, musataye ndalama ku alignment, zimenezo ni balancing kapena rimu yopindika.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti motoka yokwerako inakhala yokoma pa kona kupambana yokwecha ija. Pa Kabwe roundabout imalowa pamene ndaloza, ndipo ikamenya chigamba cha tara pakati pa kona siidumphiranso pambali. Sindikuti kudropa ni tchimo. Yanga ikali yotsika, ndipo ndikaiona pa galasi la shopu podutsa ndimamwetulirabe. Chimene ndinalakwa ni kuganiza kuti kudropa ni one hour ya grinder, pomwe ndalama yeniyeni ili pa zimene zimabwera pambuyo pake. Ngati ya ma spring oyenera, ma bush ndi alignment ya mawilo anayi ikalibe kukwana, isiyeni iime monga ya ba headmaster miyezi ina itatu.

Tibwerere ku dzanja lija ndinakupemphani kuti mupise. Yendetsani chikhatho mopingasa pa mizere ya tayala, kupita mkati ndi kubwerera. Ngati popita m'posalala koma pobwerera pakukanda monga mano a sowo, toe yathawa. Ngati mkati mwadyeka kupambana kunja, ni camber kapena toe, nthawi zambiri zonse ziwiri. Ngati ladyeka zigamba zigamba kuzungulira tayala lonse, yanganani shock. M'mizere muli timilatho ta rabala. Tikalingana ndi pamwamba ndiye kuti kwatsala mamilimita 1.6, ndipo pa mvula tayala limakhala litatha kale lisanafike pamenepo. Ine manje ndimagwada tsiku la malipiro mwezi uliwonse, ndiponso ndikamenya pothole imene yandichititsa kutukwana.

Pa car wash, mnzanga yemwe uja analowetsa zala ziwiri pa fenda. "Boi, wabwelela ku u-headmaster?" Ndinamupempha kuti tigwade tonse kuseri kwa Mark X yake. Anakana, ati wavala white jeans. Sondo yotsatira sanabwere. Ndinamva kuti anali mu tauni kufunafuna matayala awiri a 18.

Mkazi wanga anakhala mwezi wathunthu osakwera motoka ija. Ku tchalitchi anali kupita pa minibasi ndi mwana, ine n'kumatsatira kumbuyo ndi Altezza yopanda munthu. Ndinamusonyeza pepala la alignment, anati sanaphunzire kuwerenga madigiri. Anakweranso tsiku la maliro a ku Matero chifukwa kunalibe njira ina, ndipo asanatsegule chitseko anayala chitenje pansi, anagwada, n'kupisa dzanja kuseri kwa tayala la kumbuyo. Mpaka lero amachita zimenezo tikamapita kutali, olo avale za ku kitchen party. Hampu ya pafupi ndi nyumba timaoloka tonse atatu, ndipo azimayi a tomato anamufunsa ngati tinasamuka. Advance ndimaliza kubweza mu August. Chilimba chikubwerachi ananena kale kuti chizalowa mu foni yake, ndipo filiji anasankha, ya zitseko ziwiri.